Lysine ndi methionine: ufa woyera wofuna lebulo, sikelo ndi malo ouma

Thumba lake ndi la makilogalamu 25 basi, koma mlimi wa nkhuku 100 sangalimalize ngakhale ataweta chaka chathunthu. N'chifukwa chake lysine ndi methionine, mitundu iwiri ya ufa woyera womwe umathiridwa m'chakudya cha nkhuku ndi nkhumba, sizigulitsidwa kawirikawiri m'matumba athunthu m'mashopu ang'onoang'ono. Wamalonda amamasula thumba n'kumapungulira m'timajumbo ta theka la kilo kapena kilo imodzi.

Phindu lili pamenepo, ndipo vuto limayambiranso pomwepo. Ufawu ukangochoka m'thumba lake, umasiya dzina, malangizo ndi tsiku lotha mphamvu. Chotsala m'kajumbo ndi chinthu choyera chomwe maso sangachisiyanitse msanga ndi soda, mchere wosinja, laimu kapena mankhwala oteteza chimanga ku anankafumbwe.

Mchinji ndi boma la chimanga, soya ndi mtedza, kutanthauza kuti zipangizo zikuluzikulu za chakudya cha ziweto zimapezeka pakhomo. Chakudya chogula chopangidwa kale chimalemera mtengo, makamaka chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, kotero si zodabwitsa kuti alimi ena amasankha kudzisakanizira okha. Wamalonda wa pa Kamwendo, Mkanda, Kapiri kapena paboma amene waona mpata umenewu waona bwino, bola adziwe chomwe akusunga m'shopumo.

Zakudya zomanga thupi, zomwe akatswiri amati mapuloteni, zili ngati khoma, ndipo njerwa zake ndi ma amino acid. Njerwazi zilipo mitundu 20. Ina thupi la nkhuku limaumba lokha, koma pafupifupi theka iyenera kuchokera m'chakudya. Mtundu umodzi ukaperewera, ntchito yomanga imaima ngakhale njerwa zina zitaunjikana, ndipo chakudya chotsalacho chimangothera m'zitosi.

Chimanga ndi madeya zili ndi lysine wochepa. Soya ali ndi lysine wambiri koma amaperewera methionine. Keke ya mtedza imaperewera zonse ziwiri. Kotero pa chakudya cha chimanga ndi soya, nkhuku imayamba kusowa methionine, pomwe nkhumba imayamba kusowa lysine. Wogulitsa akadziwa kusiyana kumeneku sangapatse woweta nkhumba methionine yekha chifukwa choti ndiye watsala pashelefu.

Katunduyu amachokera kutali. Lysine amapangidwa m'mafakitale pofufumitsa shuga wochokera ku chimanga kapena nzimbe ndi tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa Corynebacterium glutamicum, tomwe akatswiri a ku Japan adatitulukira m'zaka za m'ma 1950. Lero wambiri amachokera ku China. Methionine amapangidwa pophatikiza makemikolo, ndipo makampani odziwika ndi monga Evonik ya ku Germany ndi Adisseo. Zonsezi zimagulidwa ndi madola, ndiye ndalama zakunja zikasowa mtengo wake umasuntha msanga kuposa wa madeya.

Ndi msika wa makampani ochepa akuluakulu, ndipo udachitikapo zachinyengo. Mu 1996 kampani ya Archer Daniels Midland ya ku America idalipitsidwa chindapusa cha madola 100 miliyoni itavomera kuti inkapangana mitengo ya lysine ndi citric acid ndi makampani anzake. Kupangana mitengo si matenda a mavenda a mbewu okha ayi.

Chinthu choyamba chomwe wopikula ayenera kuwerenga pathumba ndi nambala ya peresenti, chifukwa pamenepa ndi pomwe ambiri amataya mpamba osadziwa. Lysine amabwera m'mitundu iwiri yodziwika. Pali L-lysine HCl, woyera kapena wachikasu pang'ono, yemwe pathumba pamalembedwa 98.5%. Nambalayi sikutanthauza kuti yense ndi lysine. Weniweni ndi pafupifupi 78 peresenti. Palinso lysine sulphate, wa timibulu tofiirira, yemwe pathumba pamalembedwa 70% koma lysine weniweni ndi pafupifupi 55 peresenti.

Masamu ake ndi awa: kuti mlimi apeze mphamvu ya kilo imodzi ya HCl, afunika kilo imodzi ndi magalamu 400 a sulphate. Mwachitsanzo chabe, HCl atakhala pa K10 000 pa kilo, sulphate wa pa K7 000 ndi wofanana naye mtengo. Akakhala pa K8 500 ndiye kuti ndi wodula, ngakhale akuoneka wotchipa pamaso. Wogulitsa amene wasintha mtundu koma osamuuza mlimi wamupatsa muyezo woperewera, ndipo nkhuku zikapanda kukula mlandu umabwera pashopu.

DL-methionine sasokoneza choncho. Waufa amalembedwa 99%, ndi woyera, wonyezimira pang'ono ndipo ali ndi kafungo konga ka kabichi wophika, chifukwa muli salufa. Koma palinso mtundu wamadzimadzi wa 88%, womwe mafakitale akuluakulu amaupopera ndi makina. Umenewo ndi asidi, umawotcha khungu ndi maso. Si katundu wothira m'mabotolo a zakumwa pabenchi, ndipo wamalonda wamng'ono angousiya.

Kunena zoona, lysine ndi methionine aufa si poizoni ngati tameki. Munthu sangafe chifukwa wawagwira. Mapepala a chitetezo omwe opanga amatulutsa, otchedwa Safety Data Sheet, amachenjeza kwambiri za fumbi lake, lomwe limayabwa m'maso ndi kutsokomoletsa. Munthu wopungula matumba awiri m'kachipinda kopanda zenera amapuma fumbi lambiri kuposa mlimi wothira kamodzi pa sabata, ndipo wa mphumu amavutika msanga.

Chitetezo chake n'chotchipa. Kupungula kuchitikire pamalo popita mpweya koma popanda mphepo yamphamvu, wopungulayo atavala masiki. Agwiritse ntchito kapu kapena supuni yaikulu yosankhidwira ntchito yokhayi, osati manja, ndiponso osati supuni yomwe madzulo ibwerera kukhitchini. Ufa ukagwera m'maso, atsukidwe ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 15 popanda kutikita. Ukatayikira pansi, ausonkhanitse pang'onopang'ono n'kupukuta ndi chiguduli chonyowa, chifukwa tsache louma limangoulutsa fumbi.

Mwana akameza ufa wa m'kajumbo, achukuche m'kamwa, asamukakamize kusanza, ndipo apite naye kuchipatala atanyamula kajumboko. Apa ndi pomwe lebulo imagwira ntchito yaikulu. Dokotala wa pa chipatala cha boma cha Mchinji akawerenga kuti ndi lysine, amadziwa kuti ngozi ndi yochepa. Akapatsidwa ufa wopanda dzina wochokera m'shopu yogulitsanso mankhwala a mbewu, ayenera kuganizira zoipitsitsa, ndipo nthawi imatayika pofufuza.

Nkhani ya moto ambiri saiganizira. Fumbi la methionine likachuluka mumpweya m'chipinda chotseka limatha kuyaka mwadzidzidzi likakumana ndi lawi, monga momwe fumbi la ufa kapena la shuga limachitira. Magetsi akazima, kupungula ndi kandulo, koloboyi kapena pafupi ndi mbaula n'kosayenera. Tochi ndi yokwanira. Katunduyu akapsa, utsi wake ndi woipa: methionine amatulutsa mpweya wa salufa wotsamwitsa, pomwe lysine HCl amatulutsa mpweya wa asidi. Misika yambiri m'dziko muno idapsapo, ndipo amene amathamangira mu utsi kukapulumutsa matumba ayenera kudziwa zimenezi.

Mdani wa tsiku ndi tsiku ndi chinyezi. Lysine amayamwa madzi a mumpweya, ndipo sulphate ndiye amayamwa kwambiri. Kuyambira November mpaka April, mvula ikamagwa ku Mchinji, thumba losiyidwa chotsegula pasimenti limayamba kugwirana, kenako limauma gwa ngati mwala. Lysine woundana sikuti watheratu mphamvu, koma sasakanikirana bwino. Nkhuku imodzi imatola mbulu wonse, zinzake osapeza kanthu. Komanso ufa wonyowa umalemera, ndiye mlimi amagula madzi pamtengo wa lysine.

Matumbawa amabwera ndi pulasitiki yamkati. Isachotsedwe. Ikatsegulidwa, ifinyidwe kuti mpweya utuluke, imangidwe zolimba ndi mphira, ndipo thumba lonse liikidwe m'ndowa kapena m'chigubu chapulasitiki chokhala ndi chivundikiro chothina. Matumba osatsegula akhale pamatabwa kapena pathandala, motalikirana ndi khoma, kutali ndi dzuwa ndiponso osati pansi pa lata lodontha. Akale atuluke poyamba. Opanga ambiri amapereka zaka ziwiri kapena zitatu thumba lisanatsegulidwe, koma chotsatira ndi tsiku lolembedwa pathumbalo.

Nzeru ina ndi yosapunguliratu thumba lonse tsiku limodzi. Timajumbo topyapyala ta pamsika sititchinga chinyezi ngati pulasitiki ya kufakitale. Wamalonda wodziwa kuti pa sabata amagulitsa makilo atatu apungule atatu omwewo.

Tsopano za zinthu zoyandikana nazo pashelefu. Shopu ya zaulimi imasunga zambiri m'chipinda chimodzi: feteleza, mbewu zopakidwa mankhwala, Actellic, mankhwala a mbozi, a makoswe, nthawi zina ngakhale parafini. Lysine ndi methionine ndi chakudya, ndiye zikhale mbali ya chakudya. Botolo la mankhwala a mbozi likakhala pashelefu yapamwamba n'kudonthera pathumba la methionine, poizoniyo afika m'khola, kenako m'mazira ndi m'nyama zomwe zidzagulitsidwe pamsika womwewo. Sikelo ndi kapu zomwe zayezera mankhwala a chimanga zisayezerenso za ziweto, ngakhale zitapukutidwa.

Zisakhalenso pafupi ndi klorini waufa wa HTH, yemwe adafala m'manyumba ndi m'misika nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023. Klorini wamphamvu akasakanikirana ndi zinthu ngati zimenezi, makamaka pakakhala chinyezi, amatha kutentha ndi kutulutsa mpweya woipa.

Feteleza wa Urea afunika chenjezo lakelake. Ndi woyera, amasungunuka m'madzi, ndipo pali anthu omwe adamva kuti amathiridwa m'chakudya cha ng'ombe. N'zoona kuti ng'ombe ndi mbuzi zili ndi tizilombo m'chifu tomwe timatha kusandutsa Urea wochepa kukhala zomanga thupi, ngakhale nazonso zimafa muyezo ukapyola. Nkhuku ndi nkhumba zilibe chifu chotere. Kwa izo Urea si chakudya, ndipo akachuluka amavulaza. Aliyense wosinja Urea n'kusakaniza mu lysine kuti thumba lichuluke akugulitsa chinthu chowononga khola la mnzake.

Chinyengo chamtunduwu si chongoganizira. Mu 2008 ku China anthu ena ankathira melamine mumkaka kuti uoneke ngati uli ndi zomanga thupi zambiri poyeza. Ana pafupifupi 300 000 adadwala ndipo asanu ndi mmodzi adamwalira. Ufa woyera wodula umakopa osakaniza kulikonse.

Pali kayezedwe kapafupi komwe wopikula angachite asanalipire. Athire kasupuni kamodzi m'tambula yagalasi ya madzi oyera n'kutakasa. Lysine HCl amasungunuka msanga ndipo madzi amakhala oonekera. Methionine amachedwerapo, amayamba wayandama, koma m'madzi ofunda amasungunuka yense. Madzi akasanduka mbuu ngati phala, muli ufa wachimanga kapena wachinangwa. Pansi pakadikha zonga mchenga, mwina muli laimu. Kayezedweka sikagwira ntchito pa sulphate, yemwe mwachibadwa amasiya matsenjerere, ndiponso sikangagwire mchere, shuga kapena Urea chifukwa zonsezi zimasungunuka. Kulawa ndi lilime si njira.

Chodalirika kwambiri ndi thumba losokedwa kufakitale, lokhala ndi dzina la wopanga, dziko lochokera, batch number ndi masiku, komanso lisiti la amene wagulitsa. Oitanitsa akuluakulu amakhala ndi pepala lotchedwa Certificate of Analysis la gulu lililonse la katundu, ndipo wopikula ali ndi ufulu wopempha kuliona. Amene akukana kuonetsa thumba lenileni koma akupereka mtengo wotsika kwambiri, asiyidwe.

Kwa opikula ku Chipata, chipata cha Mwami-Mchinji chidasanduka malo amodzi oonetsera zikalata za maiko onse awiri mu December 2022, zomwe zidafupikitsa nthawi yodikira. Koma pali chosokoneza chimodzi. Ndondomeko ya Comesa yopeputsira amalonda ang'onoang'ono, ya Simplified Trade Regime, imakhudza katundu wopangidwa m'maiko a bungweli yemwe ali pamndandanda wogwirizana. Thumba la lysine la ku China silisanduka la ku Zambia chifukwa lagulidwa ku Chipata. Ndi bwino kufunsa a MRA, a MBS ndi ofesi ya zaziweto za msonkho ndi zikalata ndalama isanatuluke m'thumba, osati katundu ali kale pachipata.

Njira zozemba za kabaza zili ndi mtengo wake ngakhale munthu atapanda kugwidwa. Thumba lomangidwa ndi mphira panjinga n'kudutsa m'dambo nthawi yadzinja limafika litabooka kapena litanyowa, ndipo likapezeka kuti ndi lachinyengo palibe lisiti lokadandaulira.

Chomwe chingamange kapena kugwetsa mbiri ya shopu ndi muyezo. Zinthuzi zimathiridwa pang'ono kwambiri. Pa chakudya cha chimanga ndi soya, kawirikawiri chilichonse mwa ziwirizi chimakhala pakati pa magalamu 100 ndi 300 pa makilogalamu 100, malinga ndi msinkhu wa ziweto ndi zipangizo zina zomwe zilimo. Pa magalamu 200, thumba limodzi la makilogalamu 25 limakwanira matumba 250 a chakudya a makilogalamu 50. Mabuloila 100, omwe amadya makilogalamu 400 kapena kupitirira pang'ono pofika masabata asanu ndi limodzi, samaliza ngakhale kilo imodzi ya methionine.

Maganizo oti kuthira wambiri ndiye kukulitsa msanga ndi olakwika, makamaka pa methionine. Mwa ma amino acid onse, ndiye amavulaza nkhuku kwambiri akapyola muyezo: zimachepetsa kudya ndipo zimapinimbira. Lysine wochuluka nayenso amalepheretsa thupi kugwiritsa ntchito amino acid wina wotchedwa arginine. Kulakwitsa kwake n'kosavuta. Pepala la mlangizi likalembedwa 0.2kg, munthu wosazolowera kadontho angawerenge 2kg, n'kuthira kakhumi kuposa muyezo. Wogulitsa wanzeru amalemba "magalamu 200" m'mawu omveka, osati kadontho.

Afunsenso chomwe mlimi ali nacho kale kunyumba. Ma premix ena ndi chakudya chokhuthala cha concentrate zimabwera zili kale ndi lysine ndi methionine. Kuwonjezerapo popanda kuwerenga lebulo n'kuwononga ndalama, mwinanso nkhuku. Kukana kugulitsa kajumbo kamodzi lero kumapweteka, koma mlimi amene anapiye ake akula bwino adzabweranso mwezi wamawa. Wogulitsa si mlangizi wa zaziweto, ndipo pomwe sakudziwa amutumize mlimiyo kwa alangizi a m'dera lake m'malo mopeka muyezo.

Sikelo yokoloweka yoyezera matumba a soya singayeze magalamu 200. Pafunika kasikelo ka batire koonetsa galamu imodziimodzi, ndipo sikelo yogulitsira malonda iyenera kukhala yoyezedwa ndi a MBS. Kuyeza ndi chivundikiro cha botolo n'kosadalirika chifukwa lysine ndi methionine sizilemera mofanana m'kapu imodzi. Ena angapindule pogulitsa timapaketi toyezeratu, kamodzi kokwanira thumba limodzi la makilogalamu 50, malinga ndi muyezo womwe mlangizi wapereka.

Mlimi auzidwenso kasakanizidwe. Magalamu 100 akangothiridwa pamulu wa makilogalamu 50, safalikira. Ayambe wawasakaniza ndi kilo imodzi kapena awiri a madeya, kenako zimenezo ndi ndowa imodzi, kenako mulu wonse. Soya ayenera kukazingidwa chifukwa wamuwisi ali ndi zinthu zolepheretsa kugaya chakudya, koma akapserera lysine wake wachibadwa amawonongeka. Azizire kaye asanathiridwe chilichonse.

Mawu oti feed grade pathumba akutanthauza za ziweto zokha. Achinyamata onyamula zitsulo amamva kuti ma amino acid amakulitsa minofu, ndipo wina angaganize kuti wapeza otchipa kushopu ya zaulimi. Asagulitsidwe. Katundu wa ziweto sayeretsedwa kapena kuyezedwa ndi muyezo wa chakudya cha anthu. Mu 1989 ku America anthu oposa 1 500 adadwala ndipo oposa 30 adamwalira atamwa mapiritsi a amino acid wotchedwa L-tryptophan. Kafukufuku adaloza katundu wa kampani ya Showa Denko ya ku Japan, yemwe adapezeka ndi zitsotso zochepa kwambiri zochokera m'kapangidwe kake. Ameneyo adali wopangidwira anthu, osati nkhumba.

Kajumbo kalikonse kotuluka m'shopu kakhale ndi kapepala, ngakhale kolemba ndi bolopeni n'kumata ndi selotepi: dzina lenileni la ufawo ndi peresenti yake, kulemera kwake, tsiku lopungulira, tsiku lotha mphamvu lokopera pathumba, dzina la shopu, ndi mawu akuti "Za ziweto zokha, sungani patali ndi ana". Kulemba pajumbo penipeni ndi maka sikukhalitsa chifukwa kumafufutika m'chikwama.

Thumba likatha lisagulitsidwe kwa osungira ufa wansima kapena mpunga. Lisungidwe m'shopu, pamodzi ndi lisiti lake, mpaka timajumbo tonse tochokera m'menemo titagwiritsidwa ntchito, kuti mlimi kapena a MBS akabwera ndi funso, batch number ikhale ilipo yoonetsa.